Zikabvuta m'tauni, chala chiloza kumudzi

Mu September 2025 khoti la ku Lusaka linalamula amuna awiri, Leonard Phiri wa m'Zambia muno ndi Jasten Mabulesse Candunde wa ku Mozambique, kukakhala m'ndende zaka ziwiri akugwira ntchito ya kalabvula gaga. Mlandu wao unali wodzionetsa kuti adziwa za ufiti ndi kupezeka ndi zithumwa, zimene apolisi ananena kuti anafuna kulodzera nazo Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema. Pakati pa zinthu zimene anawagwira nazo mu December 2024 panali bilimankhwe wamoyo.

Mukumbuka mmene tinasekera muno mu Lusaka. Pa Facebook, m'maminibasi, pa Soweto Market, bilimankhwe uja anatchuka kupambana oimba ena. Tinasekanso chimodzimodzi mu 2018, pamene UNZA inalengeza maphunziro a za miyambo ndi chikhalidwe mothandizidwa ndi UNESCO, anthu nkuyamba kuwatcha digiri ya ufiti. Koma kuseka kwathu pa nkhani izi kumakhala kwa kanthawi. Munthu yemwe uja aseka masana, akapeza dzira losweka ndi kansalu kofiira pakhomo pake m'mawa, sapita kuntchito asanatumire foni abusa kapena amalume ake kumudzi.

Kwathu kwa amai anga ndi ku Chadiza, boma laling'ono kum'mwera kwa Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 80, m'malire ndi Mozambique. Ndi dziko la Achewa, la mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, onse pansi pa Kalonga Gawa Undi. Anthu alima chimanga, soya, nshawa, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo amene ali ndi ng'ombe ndiye munthu. Nditapita kumeneko pa tchuthi ndinayenda ndi funso limodzi, pa boma ndi m'midzi momwe: kodi inu panokha, ufiti muukhulupirira?

Palibe amene anandiyankha kuti kulibe. Palibenso amene anati ine ndichita. Yankho limene ndinamva kawirikawiri linali lakuti uliko, koma ise tipemphera chabe. Achinyamata ophunzira, amene agwira ntchito m'maofesi a pa boma, ali ndi kayankhidwe kaokao: siniukhulupirira, koma siningauseweretse. Ndipo m'mau amenewa muli moyo wonse wa anthu ambiri a msinkhu wanga. Tinaphunzira sayansi, tidziwa kuti malungo abwera ndi udzudzu, koma tsitsi lathu tikameta kumudzi sitilisiya pabwalo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene anthu asiyanitsira mau. Kulodza ndi koipa, aliyense abvomereza. Kukhwima, kuja akuti munthu walemera chifukwa anapereka m'bale wake, nakonso ndi koipa. Mfumba, mankhwala amene akuti akokera chimanga cha anzako m'nkhokwe yako, ndi kuba. Koma kutsirika ndi nkhani ina. Kutsirika khola kuti ng'ombe zisabedwe, kutsirika nyumba yatsopano musanalowemo, kutsirika kashopu, kutemera mphini mwana amene apita ku sukulu yogonera komweko, zimenezo anthu sazitcha ufiti. Akuti ndi kudziteteza, monga kuika loko pachitseko. Munthu angathe kukhala mkulu wa mpingo Lamlungu, ali ndi kanyanga kokwiriridwa pa khomo la khola, mtima wake uli mbee.

Bvuto ndi lakuti nsupa ndi imodzimodzi. Ikakhala m'thumba mwanga ndi chitetezo. Ikapezeka m'denga mwa mnzanga ndi umboni. Ndiye chifukwa chake wofufuza mfiti akalowa m'mudzi sabwerera chimanjamanja: m'nyumba zambiri muli kanthu kena kake, ndipo kumene sapeza kanthu, manja ake ndi ochenjera.

Anthu a m'malire alinso ndi chikhulupiriro chakuti mankhwala a kutali ndiwo amphamvu. Wa ku Chadiza akamba za ng'anga za ku Mozambique ndi ulemu wosakaniza ndi mantha. Wa ku Lusaka nayenso, akafuna zenizeni, akuti apite kum'mawa. Ng'anga ya pafupi, imene muonana nayo pa chigayo, palibe amene aiopa kwenikweni.

Nanga amene alozedwa chala ndani? Apa ndi pamene nkhani isiya kuseketsa.

Max Marwick, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anakhala pakati pa Achewa a kuno kum'mawa m'zaka za 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952 ndi 1953, nthawi imene Chipata inali kutchedwa Fort Jameson. Buku lake, Sorcery in its Social Setting, linatuluka mu 1965. Iye anasonkhanitsa milandu ya imfa ndi matenda amene anthu anati ndi ufiti, napeza kuti kawirikawiri woganiziridwa ndi wolodzedwa anali apachibale, makamaka a kuchikazi, a bele limodzi. Zimenezi agogo athu anazidziwa kale popanda buku: mfiti akuti idya kwao, siipita kukalodza munthu amene siimudziwa.

Chifukwa chake sichibvuta kuona. Pa Chichewa, mlendo mukayambana mupita naye kubwalo la mfumu, alipa mbuzi, nkhani yatha. Koma atsibweni ako, mwini mbumba, suwatengera kubwalo chifukwa cha ng'ombe zimene anagulitsa osakuuza. Mlongo wako sumuzenga mlandu chifukwa cha dimba. Mkwiyo umangokhala m'mimba zaka ndi zaka. Tsiku limene mwana amwalira mwadzidzidzi, mkwiyo uja upeza khomo lotulukira. Mau akuti mfiti akamba zimene mau akuti munda, ng'ombe ndi ufumu analephera kukamba, ndipo pambuyo pake mudzi ugawika pawiri.

Zaka 70 zapita chichokere Marwick, koma chibale ndi chomwecho. Chimene chasintha ndi chakuti theka la mbumba tsopano likhala m'tauni, ndipo lili ndi foni.

Taonani mmene zimayendera. Mnyamata ku Kanyama kapena ku Chawama wachotsedwa ntchito. Walemba makalata ofunsira ina mpaka ndalama za fotokope zatha. Mkazi wake wapita padera. Kumpingo kwake kuli mneneri, aja tiwatcha apapa, amene amuika dzanja pamutu nkumuuza kuti mzimu wandionetsa mai wachikulire wa kumudzi kwanu, wamanga tsogolo lako m'botolo. Mneneri satchula dzina. Safunika kutchula. Mnyamata yekha, ali m'basi kubwerera kunyumba, awerenga azimai achikulire a kwao, ndipo pofika pa siteshoni dzina lapezeka. Madzulo omwewo ndalama yalowa pa foni ya msuweni wake kumudzi, ya thiransipoti ya kamchape.

Sindikamba zongomva. Zinachitika pa banja lathu.

Ambuya anga ali ndi mng'ono wao, ife timati ambuya aang'ono, amene zaka zao zapitirira 80. Anayamba kuiwala pang'onopang'ono. Poyamba anali kuiwala pamene aika mpeni, kenaka maina a adzukulu, kenaka anayamba kuitana anthu amene anamwalira kalekale ngati ali panja. Tsiku lina m'bandakucha anawapeza atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe ya banja lina, chitenge chitagwa panjira, osadziwa kuti afika bwanji pamenepo. Dzuwa lisanakwere, mudzi wonse unali utamva kuti agwa pa lichero pochokera ku ulendo wa usiku. Atafunsidwa kuti munali kuti, anayankha kuti ndinali ndi amai. Amai ao anamwalira ine ndisanabadwe. Kwa anthu amene anasonkhana pamenepo, kumeneko kunali kubvomera mlandu.

Mwezi womwewo msuweni wanga wa kuno ku Lusaka anali pa mabvuto onga amene ndafotokoza aja, ndipo anali atauzidwa kale za mai wachikulire. Anatumiza ndalama. Anyamata ena a m'mudzi anali okonzeka kukatenga kamchape pa njinga yamoto.

Amene anaimitsa zonse ndi amalume. Sanatsutse kuti ufiti kulibe, iwonso khola lao ndi lotsirika. Anangoti, mbumba iyi ndi yanga, amai awa anandibereka kumsana, amene afuna kuwamwetsa kanthu ayambe wamwetsa ine. Mawa lake anawakweza pa ngolo kupita nao kuchipatala. Kumeneko anauzidwa kuti ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, amene madokotala atcha dementia. Munthu amaiwala, amasokoneza usana ndi usiku, amatuluka osadziwa kumene apita, amalankhula ndi akufa chifukwa zakale ndizo zatsala m'mutu. Mankhwala ochiziratu palibe. Chofunika ndi munthu womuyang'anira ndi chitseko chotseka bwino usiku.

Lero ambuya aang'ono akhala kwa amalume. Palibe amene anawamenya, nyumba yao sinatenthedwe. Koma ana a nyumba zina salandira chimanga chootcha m'manja mwao, ndipo msuweni wanga uja sanapondeko kumudzi kuyambira nthawi imeneyo. Tikakumana mu tauni amandiuza kuti iwe sister sudziwa vamene nadutsamo. Ndipo kunena zoona, sindimuyesa chitsiru. Ali ndi dipuloma ngati ine. Munthu amene zinthu zamugwera motsatizana safunsa kuti mimba inachoka bwanji, zimenezo anamwino anamuuza. Iye afunsa kuti chifukwa chiani ine, chifukwa chiani tsopano. Chipatala chilibe yankho la funso limenelo. Mneneri ali nalo, ndipo alipereka msanga.

Kamchape si wachilendo kuno. M'zaka zoyambirira za m'ma 1930 gulu la mchape linachokera ku Nyasaland nkufalikira mpaka m'Northern Rhodesia. Anyamata obvala za chizungu anali kufola anthu pamzere, kuwayang'ana pa kalilole, kuwamwetsa mankhwala ofiirira, nyanga ndi zithumwa nkuziunjika pa mphambano. Audrey Richards anawaona pakati pa Abemba nalemba za iwo mu 1935. Lonjezo linali lakuti ufiti watha mpaka muyaya. Mu 1947 anthu anakhamukiranso kwa Bwanali ndi Mpulumutsi, kutsidya kwa malire, ndi lonjezo lomwelo. Mu 1988 kunali Doctor Moses m'midzi ya Angoni kufupi ndi Chipata, amene achinyamata anamulandira ndi manja awiri, okalamba nkumaimikidwa pamzere. Ku Chiawa, m'mbali mwa Zambezi, pakati pa 1994 ndi 1995, pamene AIDS inali kutha anthu, wofufuza mfiti wotchedwa Chaka Zulu anamwetsa anthu mankhwala ake ndipo 16 anafa. Kawirikawiri abwera m'zaka za njala, matenda kapena kusowa kwa ndalama. Kawirikawiri achoka ndi mbuzi ndi ng'ombe, chifukwa woganiziridwa ndiye alipira kutsukidwa kwake. Ndipo pakapita zaka zingapo mudzi womwewo ufunanso wina.

Mpingo nawo sunathetse manthawa, unangowapatsa malo atsopano. Emmanuel Milingo, mwana wa kum'mawa kuno wobadwira kwa Mnukwa mu 1930, anadzaza anthu ku Lusaka ndi mapemphero a machiritso ndi kutulutsa ziwanda ali Arkibishopu, mpaka akuluakulu ake anamuitanira ku Rome mu 1982. Frederick Chiluba analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Kuyambira pamenepo mipingo ya machiritso yachuluka m'komboni iliyonse, ndipo yafika ndi ku Chadiza komwe. Kale munthu anali kupita kwa ng'anga usiku, mobisa. Lero angamve uthenga womwewo masana, pa maikolofoni, anthu akuomba m'manja. Kunena mwachilungamo, pali abusa ndi ansembe ambiri amene abisa okalamba m'nyumba zao pamene mudzi walusa. Awo nkhani zao sizifika pa Facebook.

Lamulo lilipo. Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, inakhazikitsidwa mu 1914 ndi boma la atsamunda, ndipo ndi yomwe inagwira ntchito pa mlandu wa bilimankhwe uja. Ikamba kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, wa faindi kapena ndende yofika chaka chimodzi. Kugwira ntchito yofufuza mfiti ndi mlandu. Kudzionetsa kuti udziwa ufiti pofuna kuopseza ena ndi mlandu. Ngakhale mfumu kapena nyakwawa amene alola zotere m'dera lake angathe kuimbidwa mlandu.

Anthu ambiri amene ndinakamba nao ku Chadiza lamuloli salikonda. Akuti linalembedwa ndi azungu amene sanali kudziwa za kuno, ndipo liteteza mfiti m'malo moteteza olodzedwa. Mlandu wa ku Lusaka unawapatsa mfundo ina: ngati khoti limanga munthu chifukwa chofuna kulodza Mtsogoleri wa dziko, bwanji ine ndikapita ku polisi kuti mwana wanga walodzedwa andibweza kuti tibweretsere umboni? Kusiyana kwake ndi kwakuti khoti silinagamule kuti bilimankhwe akanapha munthu. Linagamula kuti amuna aja anadzionetsa kuti ali ndi mphamvu zotero ndipo anapezeka ndi zithumwa. Koma yesani kufotokoza zimenezi pa maliro a mwana. Anzathu a ku Malawi, amene lamulo lao ndi la 1911, alimbana ndi funso lomweli, ndipo bungwe lao lounika malamulo linafika popereka ganizo lakuti lamulo libvomereze kuti ufiti uliko. Ine ganizo limenelo lindiopsa. Tsiku limene khoti lidzayamba kuweruza kuti uyu ndi mfiti, umboni udzachokera kwa yani? Kwa kamchape yemwe uja, ndi kwa mwana wa zaka 8 amene analota ambuya ake.

Amene ali pa mpanipani weniweni ndi anyakwawa. Akakana kuitana kamchape, anthu ake akuti nayenso ali m'gulu, aopa kugwidwa. Akalola, apolisi angamutenge. Ambiri asankha njira ya pakati: ulendo wadzidzidzi wa ku Chipata pa tsiku limene mlendoyo afika.

Pa boma, mai wina wogulitsa tomato anandibwezera funso langa. Nanga inu atolankhani, muukhulupirira? Ndinamuuza zoona. Kadzidzi akalira padenga usiku kumudzi, tulo tanga sitibwera msanga, ndipo koleji sinachotse zimenezo. Ndinakulira m'nkhani za afisi okweredwa ngati njinga, ndipo zina zake zikali m'thupi. Koma mantha anga ndi anga. Zimene ndaonapo ndi maso si munthu akuuluka. Ndaona mai wokalamba atakhala pansi pakati pa bwalo, adzukulu ake atamuzungulira, iye akufunsa kuti kodi kuli msonkhano wanji. Ku Chadiza komweko kuli malo a Nsadzu osamalirako odwala matenda a maganizo, kuno ku Lusaka kuli Chainama, koma m'midzi yambiri liu lakuti dementia silinafike. Limene linafika kale ndi lakuti mfiti.

Chimene chindidabwitsa mwa ife a m'tauni ndi chakuti mantha omwewa atilepheretsa ngakhale kuchita zabwino kwathu. Ndidziwa anzanga amene ali ndi ndalama zomangira makolo ao nyumba ya malata, koma aopa kuti akaonetsa chuma adzalodzedwa, kapena anthu adzati anakhwima. Afika kumudzi usiku, galimoto aisiya pa boma, achoka m'mamawa osatsazika. Ana ao sadziwa Chichewa cha kwao, sadziwa ndi manda a agogo ao. Kumudzi nako aona zimenezi ndipo amva kuwawa: mwana tinamuphunzitsa ndi ndalama za fodya, lero atiyesa mfiti. Dandaulo limenelo likafika m'makutu a wa m'tauni, iye alimva ngati chiopsezo, ndipo mtunda ukulirakulira.

Kwa wokalamba amene watchulidwa, njira ya lamulo ilipo papepala. Angapite ku Victim Support Unit ya apolisi. Angasumire womunenayo ku khoti laling'ono kuti amulipe chifukwa chomuipitsira dzina. Koma kuti achite zimenezo afunika ndalama ya njinga yamoto mpaka pa boma, afunika mboni zochokera m'mudzi womwe wamukanawo, ndipo amene akukamuneneza ndi mdzukulu wake weniweni, mwana wa mwana wake. Akapambana mlandu abwerera ku mudzi womwewo, kukatunga madzi pa mjigo womwewo. Ambiri sayesa nkomwe.

Chimene achita ndi kumanga kamtolo ka zobvala. Mwana wamkazi amene akhala m'tauni atumiza ndalama ya basi. Mukayenda m'Mchini, m'Nabvutika kapena m'Kapata ku Chipata, ngakhale m'makomboni a muno mu Lusaka, mudzaona agogo atakhala pa kampando pakhomo la nyumba ya renti ya zipinda ziwiri, akuyang'ana msewu tsiku lonse. Si onse, ena anabweradi kudzaona adzukulu. Koma ena mwa iwo, oyandikana nao anauzidwa kuti anabwera kuchipatala, ndipo chaka chachitatu chino chipatalacho sichinathe. Kumudzi, munda wao wina analima kale soya.